Kusankha toner wa kunkhope: mitundu yomwe ilipo ndi umene ungayenere khungu lakuda

Munthu akalowa m'sitolo ya zodzoladzola ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg n'kufunsa toner, wogulitsa angamutsitsire mabotolo angapo okhala ndi dzina limodzi lomweli. Onsewo ali ndi timadzi topaka kunkhope ukatha kusamba, koma ntchito zawo n'zosiyana kwambiri. Wina amaumitsa mafuta a pakhungu, wina amalinyowetsa, wina amasungunula khungu lakufa la pamwamba, ndipo wina, makamaka wogulitsidwa pamsika wopanda mndandanda wa zomwe zili mkati, angakhale mankhwala oyeretsa khungu amene angovekedwa dzina labwino. N'chifukwa chake sitinganene kuti toner ndi wabwino kapena woipa tisanadziwe zimene zili m'botolomo ndi vuto limene mwini nkhopeyo akufuna kuthetsa. Kwa ife a khungu lakuda pali chinanso choyenera kuchiika patsogolo: khungu lathu likapsa, likatupa kapena likayabwa kwa masiku angapo, kawirikawiri limasiya banga lakuda lomwe limatenga miyezi kuti lizimiririke. Choncho poyerekeza mitunduyi ndikuyang'ana kwambiri kufatsa kwa toner aliyense, osati mphamvu zake zokha.

Pamwamba pa khungu lathanzi pamakhala kaasidi pang'ono kamene kamathandiza kuletsa tizilombo komanso kusunga madzi. Pa sikelo ya pH, yoyezera kuchuluka kwa asidi, yomwe imayambira pa 0 kukafika pa 14 (nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti asidi ndi wochuluka), khungu limakhala pakati pa 4.5 ndi 5.5, ndipo akatswiri awiri a ku Germany, Heinrich Schade ndi Alfred Marchionini, ndiwo anafotokoza za chitetezo chimenechi mu 1928. Sopo wamba wouma ali ndi pH ya 9 kapena 10, ndiye munthu akasamba naye kunkhope amamva khungu likukoka ndi kuuma. Madzi akakhala aja osachita thovu bwino, monga a m'mijigo ina ya m'chigwa cha Shire kapena a m'mipopi ya ku London, sopoyo amasiyanso zotsalira pakhungu. Ntchito ya toner wakale inali kupukuta zotsalirazo, ndipo kampani ya Clinique itayamba mu 1968 inafalitsa kwambiri ndondomeko ya magawo atatu, yosamba, kupukuta ndi timadziti, kenako kudzola. Masiku ano zosambira kunkhope zambiri zimapangidwa ndi pH yoyandikana ndi ya khungu, ndipo khungu lathanzi limabwerera lokha mwakale pakapita maola ochepa, kotero chifukwa chakalecho chatsala pang'ono kutheratu. Lonjezo lina limene limalembedwa pamabotolo, loti toner amatseka timabowo ta pakhungu, nalonso si loona, pakuti timabowoti tilibe minofu yotitsegula kapena kutitseka. Timaoneka tating'ono pokhapokha ngati mulibe mafuta ouma otitanula.

Toner wa alcohol, wouma msanga

Uyu ndiye amakopa kwambiri mu Okutobala, pamene ku Nsanje, ku Salima kapena ku Mangochi nkhope imayamba kunyezimira dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Ukamupaka amazizira, amauma nthawi yomweyo, ndipo kwa ola limodzi kapena awiri nkhope imaoneka yopanda mafuta. Vuto lake n'lakuti sasankha chochotsa: amatenga mafuta owonjezera pamodzi ndi aja amene amamata timaselo ta pamwamba kuti madzi asathawe. Pakapita milungu khungu limayamba kukanuka m'mbali mwa mphuno ndi pakamwa, limawawa ngakhale ukadzola mafuta wamba, pomwe pachipumi pakunyezimirabe ngati kale.

Kumuzindikira n'kosavuta, chifukwa mndandanda wa pabotolo umayamba ndi chinthu chochuluka kwambiri n'kumatsika. Mukaona Alcohol Denat, SD Alcohol kapena Ethanol pa maina oyambirira, dziwani kuti ndi wa mtundu umenewu. Cetyl alcohol, stearyl alcohol ndi cetearyl alcohol ndi zina, ndi mafuta ofewetsa ndipo siziumitsa khungu. Witch hazel, wochokera ku chitsamba cha ku North America chotchedwa Hamamelis virginiana, ambiri amamuyesa wofatsa chifukwa ndi wa ku zomera, komatu amene amagulitsidwa m'mafamase a ku America amakhala ndi alcohol wokwana maperesenti 14, ndipo pamafunika kusankha wolembedwa kuti mulibe alcohol. M'gulu lomweli muli sipiliti amene ometa amapaka makasitomala akatha kuwameta ndevu. Sipiliti ndi wabwino potsuka makina ometera, koma sathetsa tiziphuphu ta ndevu, popeza timeneti timabwera chifukwa cha tsitsi lopotana limene limabwerera n'kuboola khungu. Pa mitundu yonse yololedwa kugulitsidwa, uwu ndimauika pomalizira, ngakhale kwa anthu a khungu la mafuta.

Toner wonyowetsa

Mtundu umenewu watchuka kudzera m'zodzola za ku South Korea ndi Japan, monga Hada Labo wa kampani ya Rohto, ndipo mkati mwake mumakhala zinthu zokoka madzi: glycerine, hyaluronic acid ndi panthenol. Glycerine si mlendo kwathu kuno, popeza mabanja ambiri akhala akumusakaniza ndi mafuta odzola mu Juni ndi Julayi, miyendo ikayamba kutuwa ndi mphepo ya mwera. Toner wotere sawawa, sawonjezera chiopsezo cha dzuwa, ndipo angapakidwe m'mawa ndi madzulo. Chofunika kukumbukira n'chakuti madzi amene wawabweretsa amauma ngati simudzola mafuta pamwamba pake, makamaka m'nyengo yachisanu kapena m'nyumba zotenthetsedwa za ku Britain, momwe mpweya umakhala wouma kwambiri.

Madzi a maluwa a rozi, amene amapangidwa kwambiri ku Iran ndi India ndipo amapezeka m'masitolo a amwenye, ali m'gulu lomweli, ngakhale kuti mbali yawo yaikulu ndi madzi ndi fungo basi. Ambiri sawavuta, koma zonunkhiritsa ndi zina mwa zinthu zimene zimayabwitsa khungu kawirikawiri, ndipo mabotolo ena otsika mtengo amakhala madzi wamba othiridwa pafyumu. Kunena zoona, mafuta odzola abwino amakhala kale ndi glycerine yemweyu, kotero toner wonyowetsa si chinthu chimene munthu angavutike akachisowa. Amathandiza kwenikweni munthu wa khungu la mafuta amene m'nyengo yotentha sapirira zodzola zolemera, chifukwa angapake toner n'kuwonjezera mafuta opepuka pang'ono chabe.

Toner wa asidi

Apa ndi pamene pali phindu lenileni, ndipo ndi pomwenso anthu ambiri amadzivulaza. Ma toner amenewa amamasula timaselo takufa kuti tichoke msanga, koma asidi aliyense ali ndi malo ake ogwirira ntchito.

Salicylic acid amasungunuka m'mafuta, choncho amatha kulowa m'timabowo n'kumasula zimene zatseka. Ameneyu ndiye woyenera munthu amene vuto lake ndi timitu takuda pamphuno, tiziphuphu ting'onoting'ono pachipumi, kapena tiziphuphu ta ndevu tija. Mlingo wogulitsidwa popanda chilolezo cha dokotala umakhala pakati pa maperesenti 0.5 ndi 2, ndipo chitsanzo chodziwika ndi Paula's Choice 2% BHA. Popeza asidiyu ndi wachibale wa aspirin, amene thupi lawo limadana ndi aspirin asamugwiritse ntchito asanafunse kuchipatala.

Glycolic acid, amene mwachilengedwe amapezeka mu nzimbe, amagwira ntchito pamwamba: amasalaza khungu lokhakhala ndipo pang'onopang'ono amachepetsa mabanga osiyidwa ndi ziphuphu. Mwa maasidi onse a gulu lake, iyeyu ndiye ali ndi tizigawo tating'ono kwambiri, kotero amalowa msanga ndipo amalumanso msanga. Pixi Glow Tonic ali ndi maperesenti 5, wa The Ordinary ali ndi 7, ndipo akatswiri ounika zodzola ku America anati wogwiritsa ntchito kunyumba asapitirire maperesenti 10, komanso pH yake isatsike kuposa 3.5. Nkhani yaikulu ndi dzuwa. Mu 2005 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linalangiza kuti zodzola zokhala ndi maasidi a mtunduwu zizikhala ndi chenjezo loti zimachititsa khungu kupsa mosavuta ndi dzuwa, ndipo chiopsezocho chimakhalapobe mpaka mlungu wathunthu munthu atasiya kupaka. Chenjezo limeneli linalembedwera anthu a ku America, koma lili ndi mphamvu yoposa kwa munthu amene amaima pa siteji ya minibasi masana, amagulitsa malonda panja kapena amapita kumunda. Zimachitika kawirikawiri kuti munthu amagula glycolic acid kuti achotse mabanga, amamupaka tsiku lililonse popanda mafuta oteteza ku dzuwa, n'kupeza kuti mabangawo adererapo ndipo pabwera ena atsopano m'masaya. Amene sangakwanitse kugula mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo, ndi kumawadzola m'mawa uliwonse, ndi bwino asayambe n'komwe glycolic acid. Anthu achialubino, amene khungu lawo lili kale pachiopsezo chachikulu cha dzuwa, asagwiritse ntchito toner wa asidi pokhapokha dokotala atawauza.

Lactic acid, mandelic acid ndi gluconolactone ali ndi tizigawo tokulirapo, kotero amalowa pang'onopang'ono ndipo saluma kwambiri. Zotsatira zake zimachedwa, koma pa khungu limene limada likangopsa pang'ono, kuchedwako n'kopindulitsa, ndipo munthu amene akufuna kuchotsa mabanga kwa nthawi yoyamba ndingamulangize kuyambira pa amenewa osati pa glycolic acid wa maperesenti 7. Kuipa kwake n'kwakuti sapezeka mosavuta m'masitolo athu ndipo nthawi zambiri amachita kuitanitsidwa kuchokera ku South Africa kapena ku Britain.

Asidi aliyense amene mwasankha, yambani kawiri pa mlungu, usiku, ngakhale botolo litalemba kuti tsiku lililonse. Musamupake usiku womwe mukupaka mankhwala ena a ziphuphu monga tretinoin, adapalene kapena benzoyl peroxide, ndipo musakhule nkhope ndi zokhakhala pa masiku amenewo. Kuluma pang'ono kwa kanthawi kochepa kungachitike, koma kuwawa kopitirira, kutentha kapena kusupuka si chizindikiro chakuti mankhwala akugwira, koma chakuti khungu likuvulala. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndiye musadikire kuona kufiira kuti musiye. Kusintha kwenikweni kwa ziphuphu kumatenga milungu 6 mpaka 8, ndipo mabanga amatenga nthawi yoposa pamenepo.

Pakati pa toner wonyowetsa ndi wa asidi pali wa niacinamide, yemwe ndi mtundu wa vitamini B3. Pa mlingo wa maperesenti 2 mpaka 5 amachepetsako mafuta, amalimbitsa chitetezo cha khungu, ndipo amachedwetsa kufalikira kwa utoto wakuda m'timaselo ta pamwamba, zonsezi popanda kusenda khungu kapena kulichititsa kupsa ndi dzuwa. Sachita zodabwitsa, koma kwa munthu wa khungu la mafuta lokhala ndi timabanga tochepa, amene amakhalitsa padzuwa, ndi amene ndimamuona wolingana bwino pakati pa phindu ndi chiopsezo.

Mandimu, viniga ndi zina za kukhitchini

Njira imeneyi imafalitsidwa kwambiri pa Facebook ndi TikTok chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo imamveka yachilengedwe. Madzi a mandimu ali ndi pH ya pafupifupi 2, viniga wa maapozi pakati pa 2 ndi 3. Sikelo ya pH imasintha kakhumi pa nambala iliyonse, kutanthauza kuti madzi a pH 2 ali ndi asidi wochuluka ka 1,000 kuposa khungu la pH 5. Mandimu alinso ndi mankhwala ena, makamaka m'khoko mwake, amene akakumana ndi dzuwa amawotcha khungu n'kusiya mizere yakuda motsatira momwe madziwo anayendera, ndipo mizereyo imakhala miyezi yambiri. Ena amati akathira madzi ndiye kuti palibe vuto, koma pakhomo palibe choyezera, ndipo kapu ya lero singafanane ndi ya mawa. Madzi a tiyi wobiriwira kapena otsukira mpunga sawotcha, koma popeza alibe mankhwala oletsa kuwola, m'nyengo yotentha amayamba kusasa pa masiku ochepa, ndipo kuwapaka pa nkhope ya ziphuphu n'kuwonjezerapo tizilombo.

Oyeretsa khungu obisala

M'misika yambiri ya mu Africa, mabotolo olembedwa kuti toning kapena ofotokoza za kuwalitsa khungu m'masiku 7 sakhala toner amene tikukamba pano ayi. Ena amakhala ndi hydroquinone, ena mercury, ena mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol. Hydroquinone akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amabweretsa mabanga akuda bii m'masaya, ovuta kwambiri kuchiza, matenda amene madokotala a ku South Africa anawafotokoza mu 1975, ndipo dzikolo linaletsa mankhwalawa m'zodzola mu 1990. Rwanda nayo inayamba kuchotsa zodzola zoterezi m'masitolo mu 2018. Mercury amawononga impso ndi mitsempha ndipo amafika kwa mwana wosabadwa, pomwe steroid amapepukitsa khungu mpaka timitsempha kuoneka, n'kubweretsa ziphuphu zochuluka munthu akangosiya. Botolo lopanda mndandanda wa zomwe zili mkati, lopanda dzina la wopanga, kapena losakanizidwa ndi wogulitsa mwiniwake, lisafike pankhope panu ngakhale mtengo wake utakoma bwanji.

Kusagwiritsa ntchito toner

Njira imeneyi ogulitsa saitchula, koma kwa anthu ambiri ndiyo yoyenera. Munthu amene khungu lake lilibe ziphuphu, mabanga kapena kuuma kopitirira sapeza chilichonse chatsopano mu toner ngati amasamba ndi chosambira chofatsa, n'kudzola mafuta oyenera ndi oteteza ku dzuwa. Ndalama zikakhala zokwanira botolo limodzi lokha, mafuta oteteza ku dzuwa amathandiza mabanga akuda kuposa toner aliyense, chifukwa dzuwa ndi limene limachititsa mabangawo kuda ndi kukhalitsa. Amene akusambabe nkhope ndi sopo wochapira zovala apindula kwambiri posintha sopoyo kusiyana n'kugula toner woti akonze zimene sopo wawononga. Ndipo amene amafuna toner kuti achotse phawuda ndi zopakapaka za tsikulo akufunika chotsukira, monga madzi a micellar, chifukwa thonje likamatuluka lakuda mutasamba kale ndiye kuti kusambako sikunakwane.

Tikaika zonsezi pamodzi, wa timitu takuda, tiziphuphu ting'onoting'ono kapena ta ndevu asankhe salicylic acid. Wa mabanga ndi khungu lokhakhala ayambe ndi niacinamide kapena asidi wofatsa, ndipo glycolic acid abwere pambuyo, pamene kudzola zoteteza ku dzuwa kwasanduka chizolowezi. Wa khungu louma kapena losachedwa kuyabwa atenge wonyowetsa wopanda fungo, ngati akufuna toner n'komwe. Chisankhochi chingasinthe ndi nyengo, pakuti asidi amene khungu linamulandira bwino m'dzinja angayambe kuliwawitsa mu Julayi mpweya ukauma, ndipo pamenepo n'kwanzeru kuchepetsa masiku kapena kuyamba mwapuma.

Musanapake chatsopano kunkhope, chiyeseni kaye pamalo aang'ono mkati mwa mkono. Bungwe la madokotala a khungu la American Academy of Dermatology limalangiza kupaka pamalopo kawiri pa tsiku kwa masiku 7 mpaka 10, chifukwa kudana kwa thupi ndi mankhwala ena sikuoneka tsiku loyamba. Toner amapakidwa mukatha kusamba, musanadzole mafuta. Wonyowetsa ndi bwino kumuthira m'manja n'kumusisita pang'ono pankhope ikadali yachinyezi, kusiyana n'kumumwetsa thonje, pomwe wa asidi amafuna nkhope youma ndipo asayandikire maso, milomo kapena pomwe pali bala. Yambani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi kuti khungu likadana nacho mudziwe cholakwa. Pabotolo pamakhala kachithunzi ka chitini chotsegula kolembedwa 6M kapena 12M, kusonyeza miyezi imene mankhwalawo amakhala abwino mutatsegula, ndipo botololo lisungidwe pamthunzi, osati pawindo.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa aonetse botolo kwa namwino kapena dokotala wa kusikelo asanayambe toner wa asidi, ndipo apewe chilichonse chokhala ndi retinol, yemwe ndi mtundu wa vitamini A. Ziphuphu zikuluzikulu zakuya, zopweteka ndi zosiya zipsera sizimva toner wa mtundu uliwonse, ndipo miyezi imene munthu amataya akusinthasintha mabotolo ndi imene zipserazo zimachuluka. Zoterezi zimafuna mankhwala olembedwa ndi dokotala, ndipo zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yoona za matenda a khungu. Popita kumeneko tengani mabotolo onse amene mwakhala mukupaka, kuphatikizapo aja ogula pamsika, chifukwa dokotala amafunika kudziwa ngati khungulo lakhala likulandira steroid kapena hydroquinone asanakupatseni mankhwala ena.